A Tenconi ndi Kampani Yopanda Malonda

Bambo Amilcare Tenconi anabadwira ku Seregno ndipo sanakhalepo kwina. Zaka makumi anayi ndi chimodzi anagwira ntchito pa fakitale yopanga mipope ya m'bafa, kumene ankasunga mabuku a chuma m'kachipinda koyandikana ndi ng'anjo. Ndi munthu wamtali, wowerama pang'ono, wovala jekete lotuwa chilimwe ndi dzinja lomwe. Anthu onse, ngakhale wansembe wa parishi, amawatchula kuti Ragioniere, monga timatchulira aliyense amene anaphunzira za mabuku a chuma koma osafika ku yunivesite. Fakitale itatsekedwa, iwo ndi amene anatuluka komaliza, atalemba makina onse limodzilimodzi pamene ogula ankawakweza m'malole. Chaka chotsatira mayi a kunyumba, a Pierina, anamwalira. Amene anali pamaliropo amanena kuti a Tenconi sanalire. Anagwirana chanza ndi aliyense, kenako anapita kukakambirana ndi wosema mwala wa pamanda.

Anali ndi zaka makumi asanu ndi limodzi ndi ziwiri. Ku ofesi ya penshoni anawauza kuti yatsala miyezi khumi ndi isanu ndi inayi ya ntchito yolembedwa kuti ayambe kulandira, ndipo akapanda kuipeza adzadikira zaka zisanu popanda cholowa m'thumba. Anayenda m'maofesi ambiri atanyamula chikwama chawo chachikopa. Kulikonse ankawalandira mwaulemu ndi kuwaperekeza pakhomo mwaulemu.

Ntchito inapezeka ku Milano mu Okutobala, pa kampani yotchedwa Altavela imene inali itangolowa kumene pa msika wa masheya. Kampaniyi sinkapanga kanthu, sinkagulitsa kanthu. Oiyambitsa anasonkhanitsa mayuro mamiliyoni zana limodzi ndi makumi awiri pogulitsa masheya, ndalamazo zinatsekeredwa ku banki, ndipo anapatsidwa zaka ziwiri zoti apeze kampani ina yeniyeni yoti aigule. Akalephera, abweze ndalamazo, kampaniyo ithe. Ngakhale ataipeza, aliyense wa ogula masheya amene sanakondwe nayo anali ndi ufulu wobweza masheya ake ndi kutenga ndalama zake. A Tenconi anamvetsera zonsezi osaphethira. Zaka ziwiri zinali zokwanira miyezi yawo ija, ndipo sanafunse zina.

Mkulu wa kampani anali Lapo Ravizza, wa zaka zosakwana makumi anayi, wosavala tayi, wovala nsapato zoyera zothamangira. Ankatchula aliyense dzina lake loyamba, ndipo tsiku loyamba lomwelo anawauza kuti kuno kulibe zaulemu zachikale. A Tenconi anavomera, napitiriza kumutchula kuti a Dottore, dzina laulemu la munthu amene anafika ku yunivesite. M'kontirakiti munali mawu akuti miyezi isanu ndi umodzi yoyamba ndi yoyeserera.

Ofesi inali zipinda ziwiri m'nyumba yosanja. Matebulo, mipando, ngakhale duwa la pawindo, zonse zinali zobwereka. A Tenconi ankakwera sitima ya m'mawa, nalemba lendi, malipiro a maloya ndi khofi wa mu ofesi, ndipo pofika teni koloko ntchito inali itatha. Ankakhala pampando mpaka hafu faivi, manja ali patebulo.

Madzulo akatsika sitima ankadutsa pa kantini ya pa siteshoni, pamene Osvaldo, amene kale ankasungunula mkuwa pa fakitale ija, ankaswera akusewera makhadi.

"A Ragioniere, lero mwagulitsa zingati?"

"Sitigulitsa kanthu, Osvaldo."

"Nanga mumatani tsiku lonse?"

"Timadikira."

"Ndiye mukandilembetse kumeneko, akulu. Ntchito imeneyo ndaigwira zaka ziwiri pompano, koma palibe wandilipira."

Anzake ankaseka, a Tenconi nagwedeza mutu, nayitanitsa kapu ya vinyo woyera imene ankamwa ali chilili.

Mu Febuluwale inafika nthawi yolemba lipoti loyamba la pachaka. M'lipoti lotere mumakhala gawo lofotokoza njira zimene kampani imatsata powerengera chuma chake, ndipo pa fakitale gawo limeneli linkadzaza masamba khumi ndi awiri. A Tenconi analemba mitu monga anazolowera: katundu wa m'nkhokwe, kutha kwa makina, ngongole za ogula. Pansi pa mutu uliwonse panalibe cholemba, choncho anaifufuta yonse. Linatsala funso limodzi lokha, lakuti ndalama zija zili ku banki ndi za yani. Lamulo la ntchito yawo limati ndalama imene mwini wake angathe kuiitanitsa, kampani osatha kukana, si mpamba wa kampani koma ngongole. Anawerenga malamulo a Altavela kawiri, nalemba ziganizo zitatu pa tsamba lachisanu ndi chinayi zonena zomwezo. Pa pepala, mpamba weniweni wa kampani unatsala wochepa kwambiri.

Nthawi imeneyo Ravizza anali pa zokambirana ndi mkulu wina wa ku Emilia, mwini fakitale yopanga makina opangira makaroni, amene ankazengereza kugulitsa. Lachisanu masana Ravizza analowa m'chipinda cha a Tenconi atanyamula tsamba lija, nakhala pangodya ya tebulo.

"Amilcare mnzanga, ukudziwa chimene walemba apa? Walemba kuti ndife amphawi olondera ndalama za eni."

"Ndi mmene zilili, a Dottore."

"Mdala uja sawerenga masamba, amangoyang'ana mzere wa mpamba basi. Akaona ngongole yonseyi, ngakhale madzi akumwa sandipatsanso. Anzathu ena amalemba kuti ndi mpamba, ndipo sindinamve kuti wina wamangidwa."

A Tenconi anayankha modekha kuti mwina masheya a enawo ndi osiyana, koma a Altavela awawerenga bwino. Ravizza anaseka, nati n'chifukwa chake anawalemba ntchito, popeza imvi zimakondweretsa a banki. Kenako, maso ali pa foni, anafunsa kuti miyezi yoyeserera itha liti. Iwo anati kumapeto kwa Marichi.

"Ukaganize bwino Loweruka ndi Lamlungu lino," anatero potuluka.

Sikungakhale kulungama kuwalemba a Tenconi ngati munthu wolimba mtima amene anakana. Sanakane. Lamlungu anapita kumanda ndi maluwa monga mwa masiku onse, anadya mpunga wotsala dzulo lake, nakhala patebulo la kukhitchini ndi pensulo. Anayembekezera kuti amva manyazi kapena mkwiyo, koma sanamve chilichonse. Anawerenga miyezi imene yatsala, nalembanso ziganizo zitatu zija mwa njira imene Ravizza ankafuna. Zinatuluka zosalala, zachilankhulo chabwino, zakuti ndalamazo ndi mpamba wa kampani.

Lolemba Ravizza anawerenga, nawasisita paphewa, nawauza kuti atumize zonse kwa odita, katswiri wapadera wofufuza mabuku a makampani, tsiku lomwelo.

Tsono pali chizolowezi chimene osunga mabuku a m'badwo wa a Tenconi anaphunzitsidwa ali anyamata, chakuti palibe mzere umene umapita kwa odita wopanda pepala lake la umboni kumbuyo. Lendi imapita ndi risiti, malipiro a loya amapita ndi kalata ya loyayo. Dzanja limachita zimenezi mutu usanaganize. Pokonza fayilo, a Tenconi anafika pa tsamba lachisanu ndi chinayi, nafuna pepala lonena za masheyawo. Linalipo limodzi lokha, ndime ya malamulo a kampani yopatsa ogula masheya ufulu wotenga ndalama zawo. Anaijambula, nalemba mzere wa pensulo pansi pa mawu ofunikira monga ankachitira nthawi zonse kuti odita asavutike kufunafuna, naimata kumbuyo kwa tsambalo. Anatumiza fayilo, napita kukadya nkhomaliro.

Lachitatu odita wamkulu, mayi Fulvia Mascherpa, anaimba foni. Anathokoza chifukwa cha fayilo yolongosoka bwino, nati ndi kale anaona yotere. Kenako ananena kuti tsamba lachisanu ndi chinayi likutsutsana ndi pepala lomatidwa kumbuyo kwake, ndipo sasaina lipotilo pokhapokha ndalamazo zitalembedwa ngati ngongole. Anafunsanso ngati palibe tsamba lina limene linalembedwa poyamba. A Tenconi anati lilipo, nalitumiza.

Ravizza sanakweze mawu. Anaima pakhomo la chipinda chawo, manja ali m'matumba.

"Wandisewera bwino, mdala. Kumaso inde, kumbuyo pensulo."

"Sindinachite dala, a Dottore. Mzere uliwonse umapita ndi pepala lake."

"Ukanamata risiti ya khofi, bwenzi zili bwino."

A Tenconi anayesa kufotokozanso, koma pakati pa chiganizo anaona kuti n'kosathandiza, ndipo analeka. Chimene chinawadabwitsa pang'ono n'chakuti ngakhale iwo eni sanathe kudziuza motsimikiza ngati dzanja lawo linadziwa chimene linkachita.

Lipoti linasindikizidwa mu Marichi ndi ziganizo zitatu zoyamba zija, osasintha ngakhale liwu limodzi. Mkulu wa ku Emilia anapitiriza kuzengereza, ndipo palibe akudziwa ngati analiwerenga n'komwe. Tsiku lomaliza la mweziwo a Tenconi analandira kalata yowathokoza chifukwa cha luso ndi kukhulupirika kwawo, ndi kuwadziwitsa kuti ntchito ya mabuku iperekedwa kwa kampani ina yapadera. Anakonza tebulo, nalemba ndandanda ya mafayilo onse kuti wobwera asavutike, nasiya kiyi kwa mlonda wa pansi. Ravizza sanabwere ku ofesi tsikulo.

Sabata yotsatira a Tenconi anapitanso ku ofesi ya penshoni. Mayi wa pawindo anayang'ana pa kompyuta, nawauza kuti miyezi isanu ndi umodzi yalowa bwinobwino ndipo yatsala khumi ndi itatu. Anawathokoza, natuluka.

Padutsa zaka ziwiri tsopano, ndipo miyezi khumi ndi itatuyo sinapezeke. A Tenconi amasunga mabuku a nyumba zosanja zitatu za m'dera lawo, za madzi, za magetsi a pamakwerero ndi za wosesa, ntchito imene imawapatsa kangachepe koma siwerengedwa ku penshoni. Mwana wawo wamkazi amene amakhala ku Como wawapempha kangapo kuti asamukire kumeneko, iwo amati aganiza. Kumayambiriro kwa mwezi uliwonse amatumizabe makalata awiri kapena atatu ofunsira ntchito, olembedwa mosamala, ndipo m'kalata iliyonse amanena poyera kuti sakufuna kukhalitsa, akungofuna chaka chimodzi ndi mwezi umodzi.