Tsiku Limene a Gregorio Anatsitsa Malire ku Dzoole

Ukafunsa za a Gregorio ku Kasakula, anthu amakubwezera funso: "Ati, a masipika aja?" Eya, omwewo. Anali mlimi wa fodya ngati wina aliyense, koma matipate atangolowa anagulitsa mbuzi zawo nakagula ampulifaya yakale ndi jenereta yotsokomola ku Lilongwe. Mabokosi anakhoma okha: akuluakulu a besi okhala pansi, ndi ang'onoang'ono opachika pamitengo. Lero ankawabwereka a chipani ichi, mawa a chinacho, mkuja ukwati. Anthu anali atangomasuka pakamwa, ndiye aliyense ankafuna kumveka mpaka kuseri kwa phiri.

Koma chimene bamboyu ankanyadira si phokoso ayi. Kanali kabokosi kachitsulo kokhala ndi kopotokola kamodzi, kamene ankakatcha kogawira.

"Aka ndi sefa," ankatero. "Mawu okhuthala kamawagwetsera m'mabokosi apansi, opepuka kamawakweza m'mwamba. Ntchito yanga ndi kudziwa poika malire. Ukawakweza kwambiri, mawu a munthu amagwera pansi limodzi ndi ng'oma, basi kungomveka bububu."

Ine ndimawagomera pa chinthu chimodzi. Msonkhano usanayambe ankauza akazi awo a Roza kuti alankhule pamaikolofoni, iwo n'kupita kumapeto kwa bwalo, kumene kumakhala amayi okalamba, n'kunjuta, khutu tcheru. Akapanda kumva liwu lililonse bwinobwino, ankabwerera kukapotokola. Ena ankaseka kuti madala akupenga. Apenge chiyani!

Tsiku lina anaitanidwa ku Dzoole, ku mwambo wa chiliza cha a Enoki. Chilizacho chinali chopanda mtembo. A Enoki anatengedwa kale ndi galimoto pa nkhani zandale, ndipo sanabwererenso. Akazi awo a Rakele anakalamba osadziwa kuti amuna awo anatha bwanji. Tsopano kunapezeka a Lazaro, amene anagona nawo chipinda chimodzi kundende, ndipo atawachonderera kwa nthawi yaitali anavomera kudzanena zimene anaona. Anachenjezeratu kuti adzanena kamodzi kokha, sadzabwerezanso kwa munthu.

Nayi ngozi yake. Dzulo lake a Gregorio anali pa ukwati ku Bowe, kumene achinyamata anawavutitsa kuti akufuna besi yogwedeza chiwindi, iwo n'kukweza malire aja. M'mawa ngolo yonyamula katundu inathyoka gudumu pachitunda. Anafika mwambo utayamba kale, thukuta kamukamu, n'kulumikiza mawaya mothamanga. Zokanjuta kumapeto kwa bwalo zinalephereka.

A Lazaro anaimirira. Anali munthu wamtali, wowonda, wa mawu okhuthala ndi osasa, ozolowera kunong'ona. Atangoyamba, mabokosi apansi anabangula. Bububu, bububu! Fumbi linadumpha patsogolo pa mabokosiwo, koma liwu ndi limodzi lomwe silinamveke. A Rakele, amene anakhala pamphasa pakati pa amayi anzawo, anapendeketsa mutu.

"Akuti chiyani? Anthu inu, akuti chiyani?"

Amayiwo anangoyang'anizana. A Lazaro sankadziwa kanthu, ankangopitiriza maso ali pansi. A Gregorio anadziwa kuti nkhaniyo ikutha, ndipo mwini wake wa nkhaniyo sakumva.

Kuwadula pakamwa sikukanatheka, munthuyo akanangokhala pansi basi. Kukweza voliyumu, monga ena ankawakodolera, kukanangoonjezera kubangulako. A Gregorio anagwada pa kogawira kaja, natseka maso, n'kuyamba kutsitsa malire pang'onopang'ono kuti wolankhulayo asadzidzimuke. Kubangula kunayamba kuphwa. Anapotokolanso pang'ono, n'kuchepetsa mphamvu ya mabokosi apansi. Mawu a a Lazaro anakwera m'masipika a pamitengo, oyera, ndi kusasa kwawo komwe.

"...anadwala chifuwa nyengo yozizira. Palibe anawamenya tsiku limenelo, mayi. Anatsamira mwendo wanga. Ananditumiza kuti ndidzakuuzeni kuti munda wa kudambo musaugulitse, ndi wa ana. Kenako anagona."

A Gregorio misozi inali mbwembwembwe, koma dzanja silinachoke pa kopotokola.

A Rakele anadzuka movutikira, nayenda mpaka pamene panaima a Lazaro. Sanapemphe maikolofoni, koma inali pafupi, ndipo inatola mawu awo.

"Achimwene, anali atafunda?"

A Lazaro anayankha:

"Ndinawafunditsa bulangete langa."

"Chabwino," anatero a Rakele. "Amaopa kuzizira amene aja."