Sajeni Wanga Anameza Tsamba la Pulasitiki

Lachisanu lapitali ndinavina pakhonde chifukwa cha ndowe. Musandiseke, imvani kaye.

Kwathu tikuweta nkhasi, kamba wam'madzi uja. Alamu anga, a Likhutcha, anaikola muukonde padziwe lawo la nsomba ku Malemia, ndipo amati aiphwanye ndi khasu poti imawadyera tiana ta chambo. Ine ndinaipempha n'kuitcha Sajeni, chifukwa chigoba chake chimakhala ngati chisoti cha msilikali. Wodula magalasi wina anandipangira thanki, ndipo tsopano aliyense wobwera kwathu amayamba wazonda Sajeni asanandipatse ine moni.

Lolemba ndinaona kuti thankiyo yachepa ulemu. Ndinagula pa Songani maluwa a pulasitiki, aja timaika patebulo la akwati, n'kuwadzala m'miyala pansi pa madzi. Kukongola kwake, abale, ngati mu hotela.

Akazi anga anangoyang'ana n'kufunsa kuti, "Abambo a Chisomo, kodi mwamuuza kuti si ndiwo?"

Ndinaseka. M'mawa mwake tsamba limodzi linali lobenthuka, kawaya kali poyera, ndipo Sajeni anakana usipa umene amaulimbirana ndi chala changa masiku onse. Anangoti duu pakona, mutu m'kati.

Ndinapalasa njinga kukafika kwa alangizi a ziweto, a Matewere. Anandimvetsera mpaka kumapeto.

"Achimwene, nsomba imangozungulira maluwa amenewo, koma nkhasi imaluma chilichonse chobiriwira," iwo anatero. "Kazuleni onse. Muziiothetsa dzuwa, madzi asazizire, ndipo muziyang'ana zimene ikutulutsa. Masiku atatu akatha osaona kanthu, mupite nayo kwa dokotala ku Zomba. Pulasitiki ikatseka matumbo, imapha."

Mawa lake ndinapita kuntchito mtima uli kunyumba. Ndinaimba foni kanayi mpaka akazi anga anasiya kuyankha.

Ndiye Lachisanu m'mawa, ndinapeza kachidutswa ka tsamba lija kakuyandama m'madzi pamodzi ndi ndowe zake. Ndinamuponyera usipa, Sajeni n'kuukhwatula ngati sanadwalepo. Ndi pamene ndinavina, aneba akusuzumira pampanda. Masana ake ndinatsikira kumtsinje wa Domasi, n'kubwerako ndi zomera zenizeni zam'madzi, miyala yosalala yoposa mutu wake kukula, ndi chikuni chokwerapo akafuna dzuwa. Zomerazo wadya kale theka. Adye, mtsinje uli pompa.

Koma ndili kumtsinjeko ndinachita manyazi. Chigwa chathu chino madzi satha, ukazika kanthambi sabata ziwiri kaphuka. Nanga n'chifukwa chiyani paguwa kutchalitchi pali maluwa a pulasitiki? Paukwati omwewo, pamanda omwewo. Timati safota. Zoona, safota. Amangotuwa, kuthothoka, mphepo n'kuwamwaza m'minda, kenako mbuzi n'kuwapeza.

Ndi angati mwa inu amene munatumbulapo mbuzi n'kupeza mpira wa majumbo m'mimba? Tinangoti yafa ndi matenda, kapena kuloza chala kwa aneba. Sajeni anapulumuka chifukwa amakhala m'galasi, pamene ndimamuona tsiku lililonse. Mbuzi ndi nkhuku zathu zilibe galasi.

Kotero nanu amene mukuweta kanyama m'nyumba, musanaike chokongoletsa chilichonse, muyambe mwafunsa ngati kangachilume. Ndipo inu a komiti yokongoletsa m'tchalitchi, Lamulungu likubwerali, kodi m'mudzi monsemu mulibe khomo limene lingatipatse maluwa onunkhira?