Feggie ndi Mauthenga Opanda Dzina

Zaka za makuponi a feteleza zija, kompyuta ya kalabu ya alimi ku Lisasadzi inali m'manja mwa Feggie Maliya. Anakulira m'chigafa, mwana wa matenanti, ndipo khalidwe la osankha fodya silinamuchoke: tsamba salitaya asanalitambasule. Anthu ankati ngwaliuma. Liuma analidi nalo, koma laphindu.

Kompyutayo inali ndi sefa yotchinga maimelo achabechabe, aja olonjeza mphoto ndi mankhwala opatsa mphamvu. Katswiri wina wa pa boma ndiye anaitchera, ndipo anailamula kuti uthenga uliwonse wopanda dzina la wotumiza uzipita kudzala.

Ndiye kunali a Zakeyo, tenanti wochokera ku Phalombe. Mayi awo anali chigonere kumudzi, ndipo Feggie anawalembera maimelo kangapo opita kwa mng'ono wawo Ephraim ku Joni. Yankho kunali zii. Mtima wa a Zakeyo unawawa mpaka unauma.

"Musalembenso, achemwali," anatero tsiku lina. "Ku Joni kwamukomera. Amayi akatisiya, nkhope yake sindifuna kuiona pamaliro."

Mawuwo anamubaya Feggie. Anatsegula kudzala kuja n'kuyamba kutambasula uthenga umodziumodzi. Pakati pa zinyalala anapeza maimelo onse a bambowo atabwerera. Imelo ikalephera kufika, amaibweza ndi makina, ndipo makina salemba dzina, choncho sefa inkangomeza mwakachetechete. Adiresi ya Ephraim inali itatsekedwa kalekale.

Pomwepo anasintha lamulo la sefa kuti mauthenga opanda dzina azilowa. A tcheyamani a kalabu anadandaula kuti zinyalala zichuluka, ndipo sananame. "Ndizisesa ndekha," anayankha Feggie. Zaka zonse zimene anakhala pa mpando wa kompyutayo ankasesadi m'mawa uliwonse, uku akung'ung'udza.

Koma tsikulo kusesa kunadikira. Anapalasa njinga mpaka ku esiteti, kumene anapeza a Zakeyo akusoka fodya.

"Bambo, ang'ono anu sanalandire uthenga ngakhale umodzi. Zoti amayi akudwala sakuzidziwa."

A Zakeyo anaika fodya pansi. Manyazi ndi chimwemwe zinawagwira pamodzi.

"Ndiye kuti mwana wa mayi anga ndamutukwana pachabe," anatero chapansipansi. Anapukuta manja pa thalauza n'kudzuka. "Pa boma pali dalaivala wa mathiraki a ku Joni amene amadziwa kumene Ephraim amakhala. Tifulumire, achemwali, amayi akadali moyo."