Thabwa la m'Bogi Linandithyokera

Ena ndikawauza amati ndikukokomeza, koma izi zinandichitikira ine ndemwe, ndipo chipsera chake chili pantchafu pangapa mpaka lero. Inali nthawi imene njanji inali itangofika kumene ku Luchenza, ine ndili ndi mwana mmodzi wakumsana, ndikuchokera kwathu kufupi ndi Nkando kupita ku Chiromo kumene amuna anga ankasenza katundu padoko.

Njanjiyo inali yatsopano, inde, koma bogi imene ankatikwezamo anthu akudafe inali nkhalamba, ankati inatha kale ntchito kwina kutsidya kwa nyanja, utoto wonse utasupuka, misomali ili dzimbiri lokhalokha. Nditangolowa ndinamva matabwa akupindika pansi pa mapazi anga, ndipo m'ming'alu ndinkaona miyala ya panjanji. Ndinawauza agadi mwaulemu, iwo anangoseka, akuti bogiyo inayamba kunyamula anthu ine ndisanabadwe, ngati ndili ndi mantha ndiyende wapansi. Nanga ndikanatani, ulendo wa masiku angapo, mwana ali kumsana?

Tinadzaza mothinana, ambirife chiimire. Titayamba kutsetsereka kulowera kuchigwa, sitima inathamanga, bogi ikugwedezeka uku ndi uku, kenako thabwa limene ndinapondapo linangoti thyo. Mwendo wanga wonse unalowa mpaka m'chiuno. Timiyala tinkandimenya kuphazi, magudumu akulira pafupi penipeni, mbereko n'kumasuka, mwana n'kuyamba kutsetserekera kudzenje komweko. Anthu anakanirira kumakoma poopa kuti matabwa ena athyokanso, ndipo ngakhale tinakuwa, woyendetsa akanamva bwanji ali kutsogolo kutali m'phokoso lija?

Bambo wina wachikulire wachiyao, wogulitsa mchere, ndiye anagona chafufumimba n'kukwawira pamene ndinali.

"Mayi, musayang'ane pansi. Ndipatseni kaye mwanayo."

Atamupereka mwana kwa amayi ena, anandimanga nsalu yake m'khwapa, amuna awiri n'kukoka. Thabwa lothyokalo linanding'amba ntchafu potuluka, koma ndinatuluka.

Chimene chimandiwawa mpaka lero si bala ayi. Titaima pasiteshoni yotsatira ndinawaonetsa agadi aja magazi ndi dzenjelo, iwo akuti ndiye kuti ndinkaponda mwamphamvu, matabwa sathyoka okha. Anayala chiguduli padzenjepo, analiza wezulo, ulendo n'kupitirira. Patapita miyezi iwiri, pobwerera kwathu, ndinapeza bogi yomweyo, padzenje paja atangokhomapo chivundikiro cha bokosi, ana atakhala pomwepo. Ndinawachotsa ndekha, ndipo ndinaima pakhomo njira yonse.

Ine ndimakhulupirira kuti eni ake ankadziwa bwino lomwe kuti bogiyo inatha, koma poti iwo sankakweramo, sizinkawakhudza. Ndiye inu anzanga, mukakwera sitima musatengeke ndi kunyezimira kwa mutu wake, yang'anani pamene mwaponda, ndipo thabwa likalira, musadikire kuti wina akukhulupirireni. Nyamulani mwana musunthe.