Madzi a Rediyeta

Sukulu ndinasiyira Sitandade 7, koma galimoto ndinkayendetsa bwino, n'chifukwa chake abwana atatumizidwa kukagwira ntchito ku Washington anandipititsa nawo ngati dalaivala. Tinkakhala ku Annandale. Vuto langa linali pakamwa. Nditakangana ndi munthu wa pamalo omwetsera mafuta mpaka apolisi kubwera, abwana anandiitanira m'khitchini.

"Ukadzangokwezanso mawu, kaya kwa ndani, tikiti yako yobwerera kumudzi ndigula tsiku lomwelo."

Kumudzi kunali azichemwali anga amene ankaphunzira chifukwa choti ine ndinali kuno. Ndinati ndamva.

Chilimwe chimenecho abwana anati tipite kuchipululu, ku Arizona ndi kufupi nako, tikaone miyala. Amayi ena a kutchalitchi anafunsa adona kuti, "Kumeneko kuli abale?" Adona anati ayi. "Nanga mukukaona ndani?" Adona anati miyala. Amayi aja anatipempherera.

Galimoto inali steshoni wagoni yakale yomwe inkatentha msanga, choncho kumbuyo ndinkasunga chigubu cha madzi a rediyeta. Miyala tinaionadi. Ina yofiira, ina yaitali, ina yoboola pakati. Ku Grand Canyon tinaima m'mphepete, abwana anati, "Dzenje," n'kujambula. Ana awo awiri ankadandaula m'Chizungu njira yonse.

Kenako tinafika pamalo pomwe anthu akale anamanga nyumba zawo m'phanga la thanthwe. Mlonda wa chipewa chachikulu anafotokoza kuti eni ake anachoka kalekale, ndipo ena anaikidwa pafupi pomwepo. Adona atamva zimenezo anachotsa magalasi a dzuwa, n'kumenya kadzanja ka mwana amene ankaloza ndi chala. Pakhomo la nyumba yoyamba ine ndinati odi. Palibe anayankha, ndiye ndinangosuzumira.

Titabwerera ku galimoto adona anakana kutsegula chitseko.

"Tachokera kumanda. Palibe akwere asanasambe."

Mpopi unali kumtunda kuja, kutali, dzuwa lili pamutu. Abwana anayang'ana chigubu. Ine ndinatsegula ndekha, chifukwa nanenso sindikanagwira chiwongolero ndi manja amenewo. Ndinathirira adona, ana, kenako abwana, amene anasamba mpaka m'zigongono ndi kumaso komwe. Ine ndinasamba kawiri. Madzi otsala adona anawaza matayala.

Masana ake, pamsewu wopanda nyumba kapena mtengo, boneti inayamba kufuka nthunzi. Ndinaimika pambali pa chigwembe chachikulu. Abwana anatuluka, n'kugwedeza chigubu.

"Dalaivala wanji woyenda m'chipululu popanda madzi? Mutuwo umangonyamulira chipewa?"

Anapitiriza. Anatchula Sitandade 7. Anatchula ndi kwathu komwe. Ine ndinamva makutu akutentha kuposa injini, koma ndinkaona tikiti ija. Ndinati, "Bwana, ndikataye madzi." Ndinayenda ndithu, kuzungulira chimwala, mpaka galimoto osaonekanso. Ndinayang'ana kuchigwembe, n'kukuwa ndi mphamvu zanga zonse.

"Inunso munasamba!"

Kwathu n'kuchidikha, sindinkadziwa khalidwe la matanthwe. Mawu anawoloka, anagunda tsidya lija, n'kubwerera onse, omveka bwino kuposa mmene ndinawatulutsira. Munasamba. Munasamba. Anadutsa pamwamba panga kulunjika kumsewu.

Ndinabwerera ku galimoto. Abwana anali atapinda manja.

"Wakweza mawu."

Ndisanayankhe, adona, amene anakhala pamthunzi wa chitseko akusenda lalanje, anati, "Amene uja si iyeyu. Ndi eni mudzi aja. Aona kuti tinasamba, ndiye akutiuza." Anaika kachidutswa m'kamwa. "Kapena inu, bambo ake, munamva mawu akuchokera kuti?"

Abwana anayang'ana thanthwe la tsidya lija nthawi yaitali. Mawu anachokeradi kumeneko, ndipo iwo anali munthu wokonda zoona.

Patapita nthawi kunabwera lole ya mlimi wina wa m'deralo, yemwe anatithirira madzi osafunsa kalikonse. Za tikiti sizinatchulidwe, ngakhale panjira ngakhale ku Annandale. Pa golosale yoyamba abwana anagula zigubu ziwiri, n'kundipatsa osandiyang'ana.

"Ichi cha galimoto," anatero. "Ichi cha maliro."