Makala a bwemba uja

Ndinkadzitama kuti kusankha makala ndimakudziwa. Aphunzitsi anzanga pasukulu ya kunyanja imene ndinapumirapo ntchito ankachita kunditenga akafuna kugula thumba. Ndinkapisa dzanja m'mbali mwa thumba, osati pamwamba pamene ogulitsa amaika okongola, n'kutulutsa makala awiri. Ndinkawagundanitsa. Akalira ngati botolo, amenewo ndi makala. Akangoti phu, ndi a mango kapena a msangu, oyaka ngati pepala n'kukusiyirani phulusa lodzaza mbaula. Ndinkathyolanso khala limodzi kuti ndione mkati, chifukwa lofiirira ndiye kuti silinapse, ndipo utsi wake umawawitsa nyama.

Kuseri kwa nyumba ndinali ndi mgolo wodula pakati, wokhala ndi waya pamwamba. Loweruka ndinkawotchapo mbuzi, mwina kuwambapo kampango wogula kugombe. Makala ankandibweretsera bambo wina wa cha ku Chitala, amene ndinamuphunzitsa sitandade 3 nditangofika kumene m'boma la Salima kuchokera kwathu ku Mulanje. Tsopano anali munthu wamkulu, wa ana asanu, imvi zitayamba m'ndevu. Kwa zaka zoposa khumi ankapalasa njinga ulendo wonsewo, matumba atatu kumbuyo, ndipo sindinkakumbuka tsiku limene anandibweretserapo makala oipa.

Mwana wathu wamkazi atapeza banja, ine ndinadzisankha ndekha kukhala wowotcha nkhuku za pachinkhoswe. Ndinamuimbira foni bambo uja kutatsala mwezi.

"Ulendo uno ndikufuna makala enieni," ndinatero. "Olemera, a mtengo wakale. Apongozi akadye nkhuku imene sadzaiiwala."

"Mitengo yakale ikusowa, aphunzitsi."

"Sakani. Mtengo wonga bwemba uja tinkaphunzirira pansi pake. Wotero ndiye ungatulutse makala."

Anaseka, inenso ndinaseka, n'kudula foni.

Anabwera Lachinayi m'mawa, chinkhoswe chili Loweruka. Matumba anali awiri okha, koma njinga ankachita kukankha, thukuta lili kamukamu. Nditagundanitsa makala awiri ndinaitana mayi akunyumba kuti adzamve okha. Ankalira ngati belu. Ena anali aakulu ngati mutu wa munthu, akuda bii, owala mkati. Ndinamuyamikira kwambiri. Iye anangomwa madzi mofulumira, nati akuthamangira dzuwa, ndipo sanakhale pansi monga ankachitira masiku onse.

Lachisanu ndinayamba kuwamba nsomba za alendo ochokera kutali. Ndinakhuthula thumba limodzi n'kumaphwanya makala akuluakulu ndi kumbuyo kwa nkhwangwa. Khala lina linakana. Ndinamenya kachiwiri, nkhwangwa n'kudumpha, ndipo ndinamva kulira kwa chitsulo. Ndinaganiza kuti ndi mwala, ndipo mtima unayamba kale kumukwiyira wogulitsa. Nditamenya kachitatu khala linang'ambika pakati. Mkati mwake munali chitsulo chachitali ngati chala, cha mazinga kumapeto. Ndinachipukuta pa kabudula. Chinali chitsulo cha pedulo ya njinga, chophwanyika mutu chifukwa chokhomedwa ndi mwala.

Ndinangokhala pansi, pa makala pomwepo.

Chitsulo chimenecho ndinachikhoma ine. Sukulu yanga yoyamba inali ndi zipinda ziwiri zokha, ndipo kalasi langa linali pansi pa mtengo wa bwemba, waukulu woti anthu atatu sakanaukumbatira. Bolodi linkagwa ndi mphepo. Misomali ndinalibe, choncho ndinagulula mapedulo a njinga yanga yakale, n'kukhoma zitsulo zake ziwiri pa thunthu kuti ndizikolekapo bolodi. Zaka zisanu ndi chimodzi ndinaphunzitsa pamenepo. Ana ankatola bwemba pa nthawi yopuma n'kumabwera m'kalasi nkhope zili zokwinyika ndi kuwawasa.

Mayi akunyumba anandipeza ndili chikhalire, chitsulo chili m'manja.

"Bambo, mwadzitema?"

Ndinawaonetsa. Iwo ankaudziwa mtengowo, chifukwa tili pa chibwenzi ankandidikira pamthunzi wake ndikamamaliza kuphunzitsa. Anagwira pakamwa.

"Ayi, mwina ndi mtengo wina. Njinga n'zambiri."

Ndinatenga foni n'kumuimbira bambo wa makala uja. Itangoyankhidwa ndinaiwala ulemu wonse umene ndinkamupatsa monga bambo mnzanga.

"Iwe, makala awa ndi a mtengo uti?"



"Ndi uja munanena, aphunzitsi."

"Ndinanena chiyani ine?"

"Munati bwemba uja wa kusukulu."

"Ndinati wonga umenewo! Wonga!"

"Wonga umenewo kulibe, aphunzitsi. Unatsala womwewo."

 Anandifotokozera modekha kuti sukulu inasamukira kumsewu kalekale, malo aja anabwerera kwa amalume ake, ndipo mtengowo unali m'munda mwawo. Anautema ali anthu anayi, masiku atatu. Foni inathera pamenepo, sindikumbuka kuti anadula ndani.

Ndinauza mayi akunyumba kuti makalawo sindiwotcherapo kanthu. Anandiyang'ana, kenako anayang'ana beseni la nsomba zotumbula kale, ntchentche zitayamba kuzungulira.

"Ndiye alendo adye chiyani? Mukawataya, mtengo udzuka?"

Ndinasonkha moto. Makalawo anachedwa kugwira, koma atagwira sanathetheke, sanafuke, anangofiira phee mpaka madzulo osawonjezerapo. Nsomba zinauma bwino, zofiirira ngati uchi. Loweruka nkhuku zinapsa mpaka pafupa popanda kupserera khungu. Nkhoswe ya kuchimuna, mkulu wina wa ku Maganga, inandikokera pambali n'kundifunsa kumene ndimagula makala. Ndinati ndaiwala. Anthu ankavina, mwana wanga akusekerera pampando, ine ndili kuseri kwa nyumba ndi mgolo wanga. Mlamu wanga anandibweretsera ntchafu ya nkhuku pambale, ndipo ndinadya. Inali yokoma kuposa nkhuku iliyonse imene ndinawotchapo, ndipo zimenezo zinandinyansa.

Patapita sabata ndinakwera minibasi, kenako kabaza, kupita kumene kunali sukulu ija. Ndinali ndisanafikeko zaka zambiri. Wa kabaza atanditsitsa ndinamuuza kuti wasochera. Ndinkakumbuka kanjira kolowa m'nkhalango, kamene tinkayenda tikuwerama chifukwa cha nthambi. Apa panali poyera, maso ankafika mpaka kuphiri popanda chotchinga. Koma maziko a zipinda ziwiri zija anali pomwepo, mbuzi zitagonapo.

Chitsa ndinachiona ndili patali. Chinali chachikulu ngati tebulo la m'chipinda cha aphunzitsi, pamwamba pali mabala a nkhwangwa okhaokha. Makoko a bwemba anali mbwee pansi. Chapafupi panali mulu wautali wokwiriridwa ndi dothi, utsi ukutuluka m'timabowo. Unali uvuni wachiwiri, wa nthambi zotsala.

Bambo uja anatulukira kuseri kwa uvuniwo, fosholo ili m'manja. Atandiona anavula chipewa.

"Mwabwera, aphunzitsi."

"Ndabwera. Munalimba mtima bwanji? Inu simunakhale pansi pa mtengo uwu? Simunaphunzire kulemba dzina lanu pano?"

"Ndinaphunzira."

"Nanga?"

 Anatsamiritsa fosholo pa chitsa, nati ndimutsatire. Tinayenda pang'ono m'munda, ndipo anaima pa chitsa china chakale, chodyedwa ndi chiswe.

"Uwu unali mlombwa. Munawotchera mbuzi chaka chimene munapuma ntchito." Analoza china kutsogolo. "Uwo unali muwanga, wa pa ubatizo wa mdzukulu wanu. Iyo iwiri ili kumtsinjeyo ndi ya Khirisimasi imene kunabwera abale anu a ku Mulanje. Munati makala ake anali abwino zedi, munandipatsa malaya."

Ankalankhula wopanda mkwiyo, ngati munthu amene akuonetsa mlendo manda a abale. Tinazungulira munda wonse ndi tsidya la mtsinje. Zitsa zina ankati ndi za anthu ena, za malo ogona alendo a kunyanja, za owotcha tchipisi a m'tauni. Koma zazikuluzikulu zambiri zinali zanga, ndipo chilichonse ankachikumbuka ndi phwando lake. Ine maphwandowo ndinkawakumbukanso, ndi amene anabwera, ndi zimene tinadya.

"Ena amagula alionse," anatero. "Inu mumabweza a mango. Munabwezapo kawiri, ndinabwerera nawo mpaka kuno panjinga. Ndiye ndinkati ndikaona mtengo wabwino, ndimati uwu ndi wa aphunzitsi."

Ndinali nditaiwala zoti ndinamubwezapo. Nditakumbuka, ndinakumbukanso kuti tsiku limenelo ndinawafotokozera anzanga monyadira.

Mkazi wake anabwera ndi madzi m'kapu, nagwada pondipatsa. Ndinamwa nditaimirira padzuwa, chifukwa panalibe pena poti n'kukhala. Ndinali nditabwera ndi mawu ambiri okonzeratu m'minibasi, okhudza mvula, nthaka ndi ana a mawa, omwe aja ndinkaphunzitsa m'kalasi. Koma ndinangobweza kapu n'kutsanzika.

Pondiperekeza kumsewu anandifunsa mwaulemu ngati andisungire matumba a mu uvuni wachiwiri, popeza munthu wina wa ku Lilongwe anali atawafunsa kale. Ndinati awapatse a ku Lilongwewo. Anagwedeza mutu, kenako anafunsa kuti nanga mwezi wamawa abwere ndi otani.

"Alionse," ndinatero. "A mango omwewo."

"A mango atsala a pakhomo pa amayi anga," anayankha. "Koma ndikawafunsa."

Ndinamugwira mkono n'kumuuza kuti asakawafunse, asayerekeze n'komwe. Anandiyang'ana modabwa, nati chabwino. Wa kabaza anali atafika, ndipo ndinakwera osadziwa kuti Loweruka lotsatira ndidzasonkha chiyani pa mgolo uja.