Kambuku wa m'munda mwa Natalia

Natalia anayamba kuwaona ba Mordecai pa msika wa Rufunsa, akukankha njinga imene pa kaliyala pake panagona ng'ona. Amayi ogulitsa tomato anabalalika, wina mpaka kugwera m'ngalande. Ng'onayo inali ya tayala lakale la lole, mano ake zidutswa za mbale. Mwini wake sanapepese. Anangowerama n'kufunsa mayi wa m'ngalandeyo ngati chamuopsa ndi mano kapena maso, chifukwa maso ndiwo anawavuta kupanga.

Anali a ku Shikabeta, mudzi woyandikana ndi wa Natalia. Munda anali nawo, koma udzu ndiwo unkaudziwa bwino. Pabwalo pawo panali nkhanga zawaya, mvuu yasimenti, njiri ya dothi la pachulu, ndi kadzidzi wazitini amene anansi anawakakamiza kumuvundikira ndi dengu. Akazi awo ankati: “Nyama zadzaza bwalo, koma ndiwo ndi chibwabwa tsiku lililonse.”

Chaka chimene amuna ake anamwalira, Natalia analima yekha munda wa m'munsi mwa phiri. Chimanga cha mmenemo ndicho chinali chakudya chonse cha iye ndi mwana wake Dolly mpaka kukolola kwina. Chitangokhwima, anyani anatsika. Malemu aja ankawathamangitsa ndi mawu onga bingu. Natalia akakuwa, anyani ankangomuyang'ana mwaulemu n'kupitiriza kudya.

Ba Mordecai anabwera osaitanidwa, akukankha wilibala.

“Amake Dolly, nyani safika pamene pali kambuku. Ndionetseni chulu.”

Mafupa a kambukuyo anali felemu ya njinga, thupi masaka oviikidwa m'simenti, mawanga ake oyilo wakuda, ndevu waya wa mabuleki. Anamukhazika pachulu pakati pa munda, m'maso muli matako a mabotolo obiriwira. Anyani atamuona anathawa mpaka kugwetsa ana awo. Natalia anagwada kuthokoza.

Woyamba kubwera kudzaona anali mnansi wake, ba Peggy. Kenaka kwaya yonse ya kutchalitchi, aphunzitsi, anyamata a minibasi ndi okwera awo. Njira yopita kuchulu kunalibe, ndiye anaipanga ndi mapazi, aliyense yake. Wina ankafuna chithunzi atagwira mchira, wina atakwera pamsana, wina ankabwerera chambuyo m'mizere kuti nyama yonse ilowe m'foni.

Tsono mlendo wofika m'munda chimanga chitakhwima sabwerera chimanjamanja. Akati “Odi kumunda!” Natalia ankathyola ziwiri zitatu n'kupereka ndi manja awiri. Ena anali achifundo: “Musavutike mayi, tithyola tokha.” Ba Mordecai ankakhala patsinde pa chulu, moto uli pambali, akuotcha chimanga n'kumafotokozera alendo mmene anapindira khosi.

“Iwe Natalia, watchuka!” anatero ba Peggy tsiku lina. “Munda wako uli m'mafoni mpaka ku Lusaka.”

“Chimanga chikutha, ba Peggy.”

“Aa! Anyani abwereranso? Zinyama zopanda manyazi.” Anamangitsa mfundo ya chitenje chimene chinali chitatupa kumsana, n'kunyamuka.

Natalia sanali wolankhulalankhula, koma maso anali nawo. Anaona kuti nyani amathyola chimodzi n'kuthawa, pomwe munthu amathyola, kukhala pansi, n'kufunsa mchere. Anyani enieniwo ankakhala pamiyala ya paphiri, manja pamaondo, ngati anthu ochotsedwa ntchito.

Mawu okawauza ba Mordecai, Natalia anawakonzera panjira, anawabwereza potunga madzi, koma atafika pamaso pawo mawuwo anatuluka opyapyala.

“Ba Mordecai, kambuku uja... kapena watopa. Mwina akapumuleko kwanu.”

“Mwamuona cholakwika? Ndi miyendo yakumbuyo, eti? Ndinadziwa.”

“Ayi, ndi wokongola. Ndiye vuto lake.”

Nkhope yawo inawala. Theka loyamba lokha ndilo analimva. Anati ndi mwayi, chifukwa mwini malo ena ogona alendo kufupi ndi mlatho wa Luangwa anali atawapempha kale kambukuyo, koma iwo ankachita manyazi kulanda mayi wamasiye chinthu chimene chikumuthandiza chotere.

Kambuku anachoka pawilibala, alendo anatha tsiku lomwelo, ndipo anyani anatsika kudzakunkha zotsala. Zimene Natalia anakolola sizinafike ndi m'chiuno mwa nkhokwe. Dzinja lisanafike anali atayamba kale maganyu m'minda ya anthu omwe aja, ndipo pomulipira chimanga ankamukumbutsa kuti munda wake unali wosangalatsa.

Ba Mordecai anasamukira kumlatho, kumene magalimoto amaima ndipo apaulendo amagula zosema. Natalia anawaona komaliza pamsewu waukulu, akukangana ndi kondakitala amene ankakana kukweza njiri. Anafuna kudutsa mwakachetechete, koma anamuona. Minibasi itayamba kuyenda anatulutsa mutu pawindo.

“Amake Dolly! Chaka chamawa mulime kufupi ndi msewu. Ndikukupangirani njovu, ndipo pawilibala siingakwane!”